Tsiku limene ndinatuma Tamanda kukasesa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, amene ankapemphera limodzi ndi ahedi a kasukulu kena kapulaiveti ku Old Town. Anandipatsa Sitandade 3, choko, dasitala ndi kabuku ka miyezo ya kaphunzitsidwe. Wolephera miyezoyo pakutha pa temu, ntchito inkathera pomwepo.

Kabukuko ndinkakakonda, ndisaname. Loweruka lililonse mlangizi wathu, Mayi Nyirenda, ankatiphunzitsa kulemba sikimu, kukonza pulani ya phunziro, kugawa ana m'magulu, kufunsa funso n'kudikira kaye. Mfundo yachisanu inkati mwana aliyense azitengapo mbali. Ine ndinali ndi Tamanda, mtsikana wamkulu kuposa anzake onse, amene kuwerenga kunkamukanika. Ndinkatsala naye anzake akaweruka, ndipo anali atangoyamba kulumikiza maphatikizo.

Tsiku loti Mayi Nyirenda adzaonerere phunziro langa, ahedi anandikokera pakhonde. "Aphunzitsi, ouma mitu aja mwawakonzera chiyani? Kuno timawatuma ntchito. Fomu imene amachonga Mayi Nyirenda imawerenga manja okwezedwa basi."

Mantha anandigwira. Ndinamupatsa Tamanda tsache kuti akasese kuseri kwa ofesi. Phunziro linayenda bwino zedi, manja ali m'mwamba kalasi yonse. Mayi Nyirenda anachonga mabokosi onse n'kunena kuti, "Mwana aliyense watengapo mbali. Pitirizani chomwecho." Nthawi yonseyo ine ndikumva tsache likukwecha panja.

Ntchito ndinapulumutsa. Koma patapita masabata awiri, galimoto ya kholo lina itaima pageti, Tamanda anatseka kope lake n'kupita yekha kukatenga tsache. Ndinati, "Iwe, khala pansi!" Iye anati, "Madamu, si kwabwera alendo?" Mayo ine, manyazi ake! Kuyambira pamenepo sanatsalenso nane, ndipo temu yotsatira sanabwere.

Lero mlangizi woyenda ndi fomu ija ndine. Chimene ndinaphunzira n'chakuti fomu imaona ana okhawo amene atsala m'kalasi, choncho ndikafika pasukulu ndimayamba ndazungulira kuseri kwa ofesi. Ndimawapeza ndithu, ena ndi matsache, ena ndi ndowa. Ndimawalowetsa, mphunzitsi amapepesa, ndipo sindimukalipira chifukwa mantha ake ndimawadziwa. Ulendo wotsatira kuseri kumakhala kulibe mwana aliyense. Aphunzitsi amakhala atawauza anawo dzulo lake kuti asabwere n'komwe.