Ndege ya M'chipinda cha Usipa

Phokoso la mwera pa malata a nyumba yathu ku Maganga ndimalidziwa kuyambira ndili khanda, koma chaka chimenecho linali ndi mnzake. Pansi pa kuwomba kwa mphepoyo pankamveka kulira kwa injini ya ndege, kochokera m'kasipika kakang'ono m'chipinda chimene bambo ankasungiramo matumba a usipa. Ndinali mu Sitandade 5. Nyanja inali itakalipa, maboti ali pamtunda, asodzi akusoka maukonde kuseri kwa nyumba, ndipo mchenga unkalowa paliponse, ngakhale m'mano.

Injiniyo anabwera nayo azakhali anga a Halima, mlongo wawo wa bambo, amene ankaphunzira zoulutsa ndege ku Joni. M'chikwama mwawo munali laputopu, chiwongolero chooneka ngati giya ya minibasi, ndi zopondera ziwiri zoika pansi. Mayi anandiuza tikutsuka mbale kuti azakhali analephera mayeso. Kusukulu kwawoko kuli chipinda chomangidwa ngati kutsogolo kwa ndege yeniyeni, chogwedezeka ndi kupendekeka. Woyesa atazimitsa injini mwadala, azakhali anangouma, manja osasuntha, mpaka ndege yoyesererayo inagwa. Anawapatsa mwayi umodzi wokha wobwereza, ndipo akalepheranso, sukuluyo ikanathera pomwepo. Ine sindinakhulupirire. Munthu woyenda mwamphamvu chonchija, woyang'ana amuna m'maso akamalankhula, akanaopa chiyani?

M'mawa dzuwa likangofika pa sola, azakhali ankalumikiza laputopu ku batire, n'kutchinga zenera ndi chitenje. Tsiku lina anandiona ndikusuzumira pakhomo. "Lowa, Asiyatu, udzaone kwanu," anatero. M'chipindamo munkanunkha nsomba zouma ndi pulasitiki yotentha. Ndinakhala pa thumba la usipa pambali pawo. Ndege ya pa sikirini inathamanga pa msewu wake, kenako nthaka inangotsetsereka n'kutsala pansi ngati mphasa imene wina wakoka.

Nyanja ine ndinkaidziwa ngati chinthu chokhala kutsogolo kwa munthu, chopanda tsidya. Tsiku limenelo inali pansi panga, yonse, yogona phee. Chilumba cha Mbenji, kumene bambo ankapita ndi kamba wa ufa ndi mapemphero a mayi, chinali kamwala koti n'kubisa ndi chala. Msewu wa ku Khombedza unali ulusi. Kenako tinalowa mumtambo, zonse zinachita mbee, ndipo titatulukira pamwamba ndinaiwala kupuma. Sindinaganizepo kuti mitambo ili ndi msana, kuti pamwamba pake dzuwa limawala ngakhale pansi pali mdima wa mvula. Bambo nawo analowa tsiku lina, anayang'ana pang'ono, n'kugwira chitseko. "Subhanallah," ananong'ona, ndipo anatuluka akudzandira ngati atsika kumene m'boti.

Pasanapite nthawi azakhali anandipatsa mpando. Chiwongolero ndinachigwira ndi manja onse awiri ngati munsi. Mphuno ya ndege inakwera kwambiri, belu lochenjeza linayamba kulira, ndipo ine m'malo momasula ndinakoka zolimba. Ndege inapendekera mbali, nyanja inadzaza sikirini yonse, kenako kunada. Ndinathawa opanda nsapato mpaka kuseri kwa boti la bambo. Ndinkadziwa kuti chinali chithunzi, koma m'mimba mwanga ndinali nditagwadi.

Azakhali anandipeza komweko. Sanaseke. Anakhala pa mchenga n'kutambasula dzanja lawo patsogolo panga, ndipo linkagwedezeka ngati tsamba. "Thupi silidziwa kuti n'chithunzi," anatero. "Langanso silidziwa. Bwera, ndili ndi ntchito yoti undigwirire."

Ntchitoyo inali batani limodzi pa laputopu, lozimitsira injini. Anati ndizilidina nthawi iliyonse imene ndafuna, osawauza, osawayang'ana n'komwe. Ulendo woyamba nditadina, kasipika kanangoti zii, ndipo m'chipinda munatsala mwera wokha pa malata. Ndinaona khosi la azakhali likuuma, mapewa akukwera, thukuta likutuluka pansi pa mpango wawo wakumutu ngakhale kunali kozizira. Ndegeyo inagwera m'madzi. Azakhali anapukuta manja pa siketi, n'kunena kuti tiyambirenso.

Masabata amenewo ndinaona munthu akudziphunzitsa kupuma. Injini ikazima, ankayamba atulutsa mpweya wonse pang'onopang'ono ngati akuuzira phala la mwana. Kenako ankamasula zala mpaka chiwongolero chitsale pakati pa zala zitatu zokha. Akatero ankatchula mokweza zimene maso awo akuona: liwiro ndi ili, tili pamwamba chonchi, malo otera ndi awo. Mawu awo poyamba ankatuluka oduka, ngati a munthu wothamangitsidwa ndi galu. Ine chifundo ndinalibe. Ndinkazimitsa ndege itangonyamuka, ndinkazimitsa tili pakati pa nyanja, ndinkazimitsa mayi akuitana kuti tiyi wapsa. Nthawi zina tinkagwa. Koma pang'ono ndi pang'ono ndegeyo inayamba kutsika mofatsa, yopanda injini, ikuyandama ngati nkhwazi, mpaka matayala kukhudza minda ya mpunga kapena bwalo la ndege la ku Salima. Kutsika kwachete kumeneko kunkandichititsa nthumanzi kuposa kukwera komwe. Chinthu cholemera chotero, chakufa injini, koma chikumverabe zala zitatu za munthu.

Mphepo itayamba kufooka, azakhali anandibwezera pa mpando uja. Ndinakwera bwino, ndinadutsa pamwamba pa gombe, ndipo ndili mkati mosangalala, dzanja lawo linadutsa pa phewa langa n'kudina batani lija. Mtima unagunda m'makutu. Zala zinafuna kufinya, miyendo inafuna khomo. "Tulutsa mpweya, mwana wa achimwene," anatero chapansipansi. "Ukuona chiyani?" Ndinayamba kutchula. Ndinatchula nambala ya liwiro imene tanthauzo lake sindinkalimvetsa bwino, ndinatchula nyanja kumanzere, ndinatchula kamzere kotuwa ka bwalo la ndege patsogolo. Ndikamatchula, manja ankapeza chochita. Ndege inagunda pansi mwamphamvu, inadumpha kawiri, n'kuima chopingasa m'udzu. Azakhali anaimba nthungululu mpaka mayi anabwera akuthamanga, chipande chili m'manja.

Mwera unatha, maboti anabwerera pamadzi, usipa watsopano unadzaza pa thandala loyanikira, ndipo azakhali anapakira zingwe zawo n'kukwera minibasi kubwerera ku Joni kukabwereza mayeso. Patapita masabata, uthenga unafika pa foni ya bambo ali pagombe kuti mlongo wawo wakhoza. Anabwera kunyumba akuthamanga, thalauza likudontha madzi a m'nyanja, ndipo tsiku limenelo tinadya mpunga wa nkhuku ngati pa Idi.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti azakhali anandipatsa batani lija pofuna kundisangalatsa, monga akulu amapatsira mwana chiwaya chopanda ntchito kuti asalire. Ndinkanyadira kuti ndinali ndi mphamvu yoopseza munthu woulutsa ndege. Ndakula tsopano, ndipo ndalowamo m'zipinda zimene anthu amakuyang'ana kuti aone ngati ugwe. Ndazindikira kuti azakhali akanatha kupempha bambo kapena mnzawo wa kusukulu, koma pamaso pa amenewo akanalimbana ndi kubisa mantha m'malo moulutsa ndege. Ankafuna munthu amene akanawaona akunjenjemera osawachitira manyazi kapena chisoni, n'kungodikira kuti adinenso. M'mudzi monse, munthu wotero ndinali ine.