Mtedza Kuseri kwa Mpando

Mundikhululukire, owerenga, poti ine si katswiri wolemba, sukulu yanga ndi yakumudzi ku Mlonyeni. Koma nkhani ya agogo anga aamuna, a Phiri, ikukana kukhala mumtima.

Ndikawakumbukira ndimamva fungo la oyilo wakuda ndi fodya wouma, chifukwa pikiapu yawo yakale ija inkanyamula mabelo a mudzi wonse. Kutatsala masiku awiri kuti azakhali anga akwatiwe ku Kamwendo, maindiketa anangofa. Apolisi apamsewu akanatiimitsa, mkwatibwi n'kukafika kutchalitchi pa kabaza, diresi lili fumbi lokhalokha.

Agogo anavula malaya. Anazula mababu n'kuwaunika padzuwa, onse abwinobwino. Anaika fyuzi ina, inapsa pompo.

"Fyuzi siipsa yokha," anatero. "Pali waya wavula penapake."

Anayamba kuutsata ndi chala, kuchokera pachiwongolero, pansi pa kapeti, mpaka anapinda mpando. Kuseriko kunali makoko a mtedza, chisa cha makoswe, ndi waya wodyedwa, mkuwa wake ukukhudza chitsulo.

Mtedzawo unali wanga. Ndinkaubisa kumeneko kuti achimwene asandilande.

"Agogo, ndine," ndinanong'ona.

"Iwe Chikondi? Ukuweta makoswe m'galimoto mwanga? Bwanji sunawaikire ndi madzi akumwa omwe?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anadula kachidutswa ka chubu cha njinga, anakulunga wayayo bwinobwino, n'kuika fyuzi yomaliza imene anali nayo.

"Thamanga kumbuyo, undiuze zimene ukuona!"

Ndinathamangira kumbuyo. M'galimoto munamveka thi, thi, thi.

"Yayaka, agogo! Ayi, yazima! Yayakanso! Yazimanso!"

"Ntchito yake ndi imeneyo, mdzukulu wanga!"

Azimayi amene ankasinja pabwalo anasiya misi n'kuyamba nthungululu. Azakhali anatuluka m'nyumba tsitsi lomangidwa mbali imodzi, akuvina.

Lero chinthu chikandiwonongekera sindithamangira kugula china. Ndimayamba ndatsata pamene chayambira, ndipo ndikapeza kuti wolakwa ndine, ndimanena msanga.

Azakhali anatsika m'pikiapu pakhomo la tchalitchi, indiketa yakumanzere ikuphethira, Loweruka lomaliza la Ogasiti, chaka chimene ndinali Sitandade 4.