Amayi Osoka Anakana Sitandade 6

Amayi osoka mayunifolomu pakhonde la sitolo, moyang'anana ndi geti la sukulu yathu, ndawadziwa zaka khumi ndi zisanu. Si munthu wolankhulalankhula. Ana amawayeza ndi maso, tepi imangolendewera m'khosi, ndipo sindinamvepo kholo likudandaula kuti siketi yathina. Mwana wawo woyamba ndinamuphunzitsa ine. Anamwalira ali Sitandade 6, teremu yachiwiri, atadwala masiku anayi okha.

Wachiwiri, amene anabadwa maliro aja atapita kale, ndiye anatizunguza mitu. Ali Sitandade 4 ankamaliza samu ine ndisanatule choko. Ahedi anati tisamutayitse nthawi, adumphe 5 apite 6. Ine, poti ndimadzitama ndi ana anzeru ngati ndinawabala ndine, ndinadzipereka kukawauza amayi ake. Ndinkaganiza kuti andivinira.

Ndinawapeza masana akupalasa makina, ndipo sanaleke.

"Mu 6 muja?" anafunsa nditawauza nkhaniyo.

"Eya, mayi. Mwanayu mutu wake ndi wina."

"Aphunzitsi, takhalani pansi kaye."

Anatulutsa makope awiri pansi pa nsalu, lina lakale la malemu, lina latsopano. Kalembedwe kanali kamodzi, mpaka 7 wodula pakati amene ndinkamukalipira naye mkulu wakeyo. Ndinaseka pang'ono, nkuti magazi sanama, mwinanso amakopera.

"Akopera bwanji? Makope a mkulu wake ndinawatsekera m'sutukesi iye asanabadwe. Kiyi ndimayenda naye. Ndatsekula dzana."

Apo makina anaima.

"Ndinamufunsa kuti, mwanawe, zonsezi umazidziwa bwanji? Akuti, 'Amama, ndinaphunzira kale. Koma za teremu yachitatu ya mu 6 sindikuzidziwa.' Ananena akumanga nsapato, ngati palibe kanthu."

Ine za mizimu sindizikhulupirira, ana amabwebweta zambiri, ndipo ndinayamba kuwauza zomwezo. Anandidula.

"Mwina ndi zopusa, aphunzitsi. Ine sukulu sindinapite patali. Koma inu mukufuna kumufikitsa kumeneko msanga. Chaka cha mu 5 ndi changa. Ndisiyireni."

Kwa ahedi ndinakanama kuti mwanayo sanakhwime maganizo. Anandinena kuti ndine wansanje, ndinangomeza.

Pano ali Sitandade 5. Amakhala kumbuyo, akamaliza ntchito amapinda manja nkumayang'ana pakhoma lolekanitsa kalasi yawo ndi yanga, poti chaka chino andibwezera ku 6. Amayi ake akusokabe, ndipo belu lowerukira likalira amaimirira kumuyang'ana mpaka awoloke msewu.

Chaka chamawa alowa mwanga. Ndapempha kale ahedi kuti andisinthe kalasi, akana. Ndikuopa, sindibisa. Teremu yachiwiri ndidzakhala ndikuitana dzina lake m'mawa uliwonse, nkumadikira kuti ayankhe.