Atelala Amene Sankadula Nsalu

Ine ndayamba kugulitsa ulusi, mabatani ndi mazipi pakhonde la sitolo ndili ndi mano onse, ndipo zaka zonsezi pambali panga pamakhala atelala ndi makina awo opalasa ndi phazi. Ndi mayi wamfupi, tepi pakhosi, mapini pakamwa, jekete yotuwa pathupi kaya kutenthe bwanji. Ndinkawaseka kuti mapiniwo ndiwo anawasoka milomo, chifukwa munthu wosalankhula ngati ameneyo sindinamuonepo. Ine ndiye ayi, pakamwa panga sipauma.

Nthawi ija Edzi inkasesa mumsewu mwathu, anthu ankaonda tikuwaona. Ndiye mukuganiza kuti munthu akayamba kuonda ankathamangira kuchipatala? Ayi ndithu. Ankayamba kwa telala, kukabweza zovala kuti anzake asazindikire. Choncho atelala ankadziwa za thupi la aliyense, pakuti tepi sinama. Koma ndikati ndiwakokere, "Amayi, uja wabweranso ndi siketi, si zomwezi zimenezi?" ankangopitiriza kupalasa makina ngati ndalankhula ndi khoma.

Analinso ndi kasokedwe kawokawo. Matelala ena akamabweza chovala amadula nsalu yotsalayo n'kutaya kuti msoko uoneke bwino. Iwo ankaipindira m'kati, n'kuisita, n'kusoka msoko wotalikirana, wosavuta kumasula. Eni zovala ankadandaula kuti m'mbali mukutukumuka.

"Mudzaifuna," ankatero.

Masiku amenewo mankhwala kunalibe, ndipo ambiri sanadzaifune. Anapita nayo kumanda nsalu yawo yopindayo. Mumtima ndinkati, kodi mayi awa mutu wawo ukukoka bwino? Koma sizasi yawo sinakhudzepo chovala cha wodwala.

Mankhwala atafika kuchipatala, vuto linalowa m'nyumba mwanga. Mlongo wanga wamng'ono, amene ndinamulera ndekha makolo atatisiya, ankaperekera zakudya mu lesitilanti: shati yoyera, thalauza lakuda. Mkazi wake anali atamwalira, ndipo iye anayamba kutsokomola ndi kuonda. Anabwera nalo thalauza kwa atelala, iwo anapinda. Posakhalitsa anabwera nalonso, anapindanso. Lamba anali atamuboola mabowo atsopano ndi msomali.

Ndinamukalipira mpaka mawu kusasa. "Iwe, ukufuna undisiye ndekha? Pita ukayezetse magazi!"

"Achemwali, mukufuna anthu akandione pamzere uja wa kuchipatala? Abwana akamva, ntchito yatha. Ndani angadye chakudya choperekera ine?"

"Kachirombo kamayenda pambale? Mbuli iwe!"

Koma kukalipa sikuchiza. Mwana anali kutha ngati sopo, ine ndikuona, ndipo mantha anandigwira.

M'mawa wina anabweranso ndi thalauza lomwelo m'pepala. Atelala anamuyeza m'chiuno, anayang'ana tepi, anatambasula thalauza pamakina. Matumba akumbuyo anali atatsala pang'ono kupsompsonana.

"Achimwene, malo opinda atha. Kuti libwerere pamenepa, n'kudula basi."

"Dulani, amayi."

"Sindidula."

Analavulira mapini m'manja, anaimirira, n'kuvula jekete yawo ija. Anaitembenuza, n'kuiyala pamakina pamaso pake. M'mbali mwa msoko munali mizere ya timabowo ta singano, mzere pambali pa mzere, momwe ulusi unadutsa kale n'kumasulidwa.

"Mzere uwu ndinasoka amuna anga atangomwalira," anatero, chala chili pansalupo. "Uwu ndinasoka nditayamba kudwala. Wam'katiwu ndi pamene phazi linkalephera kupalasa makina. Taonani kuchepa kwake, ngati jekete ya mwana wasukulu. Ndiye apa ndi pomwe ndili lero. Ndili ndi kachirombo ine, achimwene. Ndimamwa ma ARV tsiku lililonse, ndipo thalauza lanu lomweli ndalisoka ndikumwa."

Abale inu, pamenepo ndinakumbuka. Panali chaka china atelala anasowa miyezi ingapo, tinauzidwa kuti ndi chifuwa, ndipo ine wodziwa za aliyense ndinangokhulupirira. Komanso sanalankhule monong'ona ayi. Wosoka nsapato wa pakhonde lomwelo anasiya kukhoma. Mkazi wa mwini sitolo anaima pakhomo, kukamwa kuli yasa. Munthu amene anasunga zinsinsi za msewu wonse osatayapo ngakhale chimodzi, anatulutsa chake poyera chifukwa cha mwana wa eni ake, wosakhala m'bale wawo.

Mlongo wanga anayang'anitsitsa jekete ija. Kenako anagwira mzere wam'kati uja ndi chala.

"Munafika apa, amayi?"

"Ndinafika. Inu simunafikepo, koma mukuthamangira komweko. Tiyeni."

Anavundikira makina ndi nsalu kudakali m'mawa, zimene sanachitepo chiyambire, nandiuza kuti ndiwayang'anire. Ndinawaona akutsika msewu, mayi wamfupi patsogolo, mnyamata wamtali pambuyo atagwira lamba ndi dzanja. Anakakhala naye pamzere womwe uja ankauopa. Anamupeza nako kachirombo, ndipo anayamba mankhwala.

Musaganize kuti zinatha mokoma kwa onse. Mkazi wa mwini sitolo anabwera kudzatenga nsalu yake isanasokedwe, ati wapeza telala wina. Ndinafuna kumutsuka mkamwa, koma atelala anandigwira mkono, n'kumupindira nsaluyo bwinobwino. Ena anasiya kubwera. Koma ena, amene kale ankangosiya zovala n'kuthawa, anayamba kukhala pabenchi nthawi yaitali, n'kumafunsa motsitsa mawu zinthu zosakhudza zovala.

Mnyamatayo masabata oyamba ankamva chizungulire, ndipo anafuna kusiya. Atelala anamuuza kuti, "Kawauzeni a kuchipatala, osasiya panokha." Anapita, anamuthandiza. Pang'onopang'ono chifuwa chinaleka, masaya anabwerera, anayamba kundithera chakudya m'nyumba moti ndinkamutchula kuti chiswe. Kulesitilanti palibe anamuchotsa ntchito.

Tsiku lina masana mvula inangoti wa, mphepo n'kumaikankhira pakhonde. Mlongo wanga uja anali akudutsa popita kuntchito, ndipo ataona makina akunyowa anathamanga kuti awasunthe. Anawerama, anagwira miyendo ya makina, anakoka mphamvu.

Pwee!

Thalauza linaphulika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka pansi. Wosoka nsapato anagwa pampando ndi phwete. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, kwinaku misozi ikutsika, chifukwa mwana amene ndinkamuwerenga nthiti tsopano anali atang'amba thalauza ndi kunenepa. Ndipo atelala, amene sindinawamvepo akuseka mokweza, anaseka chikhakhali atagwira tebulo.

Tinamukulunga nsalu ya kasitomala, n'kumukhazika pampando wanga ngati mkwatibwi. Atelala anatenga lezala, anamasula misoko yonse, ndipo nsalu yopinda ija inatuluka ili bii, yatsopano kuposa thalauza lenilenilo. Anaisisita ndi chikhatho. Kenako anatenga ulusi kuti aulowetse pa singano. Anayesa, unakana. Ananyambita ulusi, anayesanso, unakananso.

"Achimwene," anatero akumupatsa ulusiwo, "tandilowetserani. Maso anga adzaza madzi."