Amene anatulutsa achemwali m'nyumba

Loweruka masana ndinakaonera kanema mu holo ya tchalitchi chathu kwa Mponda. Mawindo anatchinga ndi zitenje, pakhoma anapachika nsalu yoyera. Kunena zoona, makanema achikhristu ochokera kunjawa sindiwakonda. Ndinapita chifukwa achemwali anga, a Esinati, anavomera kupita, ndipo aka kanali koyamba kukhala pagulu chimwalirireni alamu chaka chatha.

Alamuwo ankaimba kiyibodi m'kwaya, achemwali ankatsogolera alito. Chiikireni maliro, nyimbo inatha m'nyumba muja. Kwaya ikamveka pa wailesi, ankatseka. Anzawo anali atayamba kukamba zoika wina pamalo pawo, ndipo abalefe tinkaopa kuti akasiyana ndi kwaya ndiye kuti sadzatulukanso.

Amene anawatulutsa si abusa, si ine. Ndi Abiti Saidi, Msilamu woyandikana nawo nyumba, wogulitsa usipa wouma pamsika, amenenso ndi wamasiye. Ndinalipo pamene anafika pakhonde.

"Amake Chisomo," anatero kwa achemwali, "kwathu mwamuna akamwalira timakhala eda. Miyezi inayi ndi masiku pang'ono uli pakhomo, kenako umasamba, umavala bwino, anzako amakutulutsa. Eda yanuyi anaiwala kukuuzani tsiku lothera? Tengani chitenje. Ndamva kutchalitchi kwanu kuli kanema."

"Inu mukalowa m'tchalitchi?" anafunsa achemwali.

"Mu holo. Kapena pakhomo pamakhala wofunsa chipembedzo?"

Kanemayo anali womasuliridwa m'Chichewa, nkhani yake ya mayi wotsogolera nyimbo amene analeka kuimba mwamuna wake atafa pangozi. Zina zinali zachilendo kwa ife. Wamasiye wake anali ndi galimoto, ndipo palibe wachibale anabwera kudzazula malata. Abiti ananong'oneza kuti, "Ameneyu akulira atakhuta."

Koma mayi uja atatsegula kabati n'kununkhiza jekete la mwamuna wake, ndinamva achemwali akusisima. Analira mpaka kanema kutha. Palibe anawatembenukira, chifukwa mzere wonse wa amayi unkapukuta m'maso.

Apa ndi pamene ndinasiya kunyoza makanemawa. Pamaliro wamasiye amalira anthu akumuyang'ana. Ena amati wanyanya, ena amati sizikumukhudza. Mu holo yotchinga mawindo munthu amalira maliro ake, anthu n'kumayesa akulirira wa pansalu. Ndi malo angati otere amene tili nawo m'tauni muno?

Ife Akhristu kulowetsa munthu m'chisoni timatha. Timagona pamaliro, timaimba, timaphika. Tikasesa, aliyense kwawo. Womutulutsa ndani? Timangoti "limbani mtima", ngati mtima ndi njerwa yoti iuma yokha padzuwa. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kathu kanachokera kuseri kwa mpanda.

Musaganize kuti achemwali anatuluka muholomo akuimba. Panjira anangoti, "Kanema wabodza. Chisoni sichitha msanga choncho." Atayenda pang'ono anawonjezera kuti, "Komanso alito ya kwaya ya m'kanema ija imatsalira."

"Ndiye pitani mukawakonze," anatero Abiti.

"Ali kunja amenewo."

"Anu aja ali kunja? Ine ndimawamva ndili pamsika. Ngakhale ine wosadziwa nyimbo zanu ndimamva kuti penapake pakudontha."

Lachinayi achemwali anapita kokonzekera nyimbo. Wotsogolera kwaya wandiuza kuti anakhala kumbuyo, osaimba, mpaka alito italakwitsa mzere womwewo kawiri. Kachitatu anaimirira.

Ndikuthokoza amene anajambula kanema uja, ndi galimoto yake yomweyo. Koma kwambiri ndikuthokoza Abiti, amene anakhala muholomo atafunda mpango wawo, n'kutuluka nthawi ya pemphero lawo la swala itakwana, n'kubweranso kudzakhala pafupi ndi mnzawo.

Pamzere wa nyumba zanu pali wina amene wailesi yake inaleka kumveka. Mudzamugogodera liti?