Mpando Woyang'ana Kukhoma

Ana ankawatcha a Chimkokomo, chifukwa akamaphunzitsa masamu, ife a m'makalasi oyandikana tinkachita kutseka mawindo. Anayamba ntchito pasukulu pathu ahedi athuwa akadali mwana wa kabudula. Mkazi wa a Chimkokomo atamwalira, kalasi ndi imene inasanduka kwawo. Ankalawirira, n'kupukuta okha bolodi ndi kansanza ka m'thumba la jekete.

Ine ndinkakhala nawo tebulo limodzi m'chipinda cha aphunzitsi, ndiye ndinkadziwa chimene ena sankachidziwa: makutu awo anali atatha. Ankamva munthu pomuyang'ana pakamwa. Anandipempha kuti ndisauze aliyense, poti ahedi akadziwa awalanda kalasi n'kuwapatsa makiyi a kosungira mabuku, kuja kumene timatayako okalamba.

Kenako kunabwera kachitidwe katsopano kokambirana. Mphunzitsi amafotokoza vuto la m'kalasi mwake, anzake n'kumufunsa mafunso. Akatero amatembenuzira mpando kukhoma n'kukhala chete, anzakewo akukambirana ngati iye palibe. Kabelu kakalira, amatembenuka n'kunena zimene watolapo. Kunena zoona n'kothandiza, ngakhale ine wapakamwane ndinaphunzira kumvetsera. Koma tsiku la a Chimkokomo litafika, mtima unali m'mwamba. Ndinapempha kuti achikulirewa asatembenuke, ahedi n'kundiyankha kuti lamulo ndi la tonse.

Vuto lawo linali lakuti ana a kumbuyo anasiya kufunsa mafunso. Mafunso athu anayankha bwinobwino, maso ali pamilomo yathu. Kenako ananyamula mpando okha n'kukhala moyang'ana kalendala yakale.

Za ana aja tinangokhudzako pang'ono. Mphunzitsi wa sayansi, munthu wouma mtima, anati sakanafika pomwe ali pakanapanda bamboyu, amene, iye ali mwana wasukulu, ankatsala naye ena ataweruka mpaka masamu atalowa. Ahedi anati akafuna kudzudzula mwana, amayamba aganiza mmene akanachitira a Chimkokomo. Mawu amene tinawamana zaka zonsezo anatuluka tsiku limenelo, poti kumbuyo kwa munthu manyazi amachepa. Ine ndinkangoyang'ana nkhongo yawo ya imvi, misozi ikulengeza.

Kabelu kanalira, koma sanatembenuke. Ahedi anaitana, n'kuitananso mokweza. Ndinadzuka n'kuwagwira paphewa, iwo n'kutembenuka akumwetulira.

"Kodi mwayamba?" anafunsa.

Makiyi aja anawapatsa temu isanathe. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe. Ndimakawaona nthawi yopuma, n'kuwapeza akumata mabuku ong'ambika ndi guluu. Tsiku lina anaika buku pansi.

"Mwananga, paja tsiku lija ankati chiyani za ine?"

Ndinakokera mpando pafupi, ndinawayang'ana kumaso, n'kuwauza zonse pang'onopang'ono, osasiyako kanthu. Anatsatira milomo yanga mpaka ndinamaliza, kenako anapukusa mutu n'kutolanso buku lija.

"Uli ndi mtima wabwino iwe," anatero. "Koma usamandinamize."