Tsiku Loipitsitsa la Mwana Wanga

Mwana wanga anakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi asanayambe kulankhula. Kusukulu kwake ku Small Heath, dera limene tikukhala kuno kudziko la eni, ankangokhala pansi pa tebulo atatseka makutu. Nditapempha kuti amupezere malo kusukulu ya ana ofunika thandizo lapadera, a khonsolo anatumiza mayi wina kuti adzatione.

Ndinakolopa nyumba yonse, mwana n'kumuveka malaya a kutchalitchi. Mayiyo atafunsa mmene timakhalira, ndinati, "Tikuyesetsa, ndi mwana wabwino." Kwathu sitiyalutsa mwana pamaso pa mlendo. Sindinanene zoti amadziluma mkono mpaka kutuluka magazi, kapena zoti tsiku lina anandipulumuka n'kuthamangira kutsogolo kwa basi.

Kalata itabwera, inati sukulu imene alipoyo ikumukwanira. Kumukwanira pansi pa tebulo?

Mlungu wonse mtima sunakhale m'malo. Mnzanga wa ku Zambia, amene timasamalira naye okalamba, anandimvetsera n'kupukusa mutu. Nayenso ali ndi mwana wotere.

"Asisi, ulemu wanuwo kuno sugwira ntchito," anatero. "Chimene simunanene, kwa iwo kulibe. Pochita apilo mulembe tsiku lake loipitsitsa."

Ndinalembera m'basi, pepala lili pabondo: kudziluma, kukuwa, matewera pa msinkhu umenewo. Zinali ngati ndikumuneneza kupolisi.

Malo anamupatsa patatha chaka, ndipo tsopano akafuna madzi amaloza chithunzi cha kapu. Pepala lija, nditakopera mawu ake pa fomu ya apilo, ndinalibisa pansi pa sutikesi. Mpaka lero ndimapempherera zinthu ziwiri: kuti adzadziwe kuwerenga, komanso kuti asadzalipeze.